Icarus wa Bruegel ndi Icarus wa Draper

Nthano ya Agiriki ya Icarus ambiri mukuidziwa, mnyamata uja bambo ake Daedalus anamupangira mapiko a nthenga omata ndi phula, iye osamvera chenjezo la bambo ake nkuuluka mpaka kufupi ndi dzuwa, phula nkusungunuka, basi nkugwera m'nyanja. Koma taonani mmene anthu awiri anaijambulira ndi penti wamafuta.

Pa chithunzi chili ku Brussels chija amati ncha Pieter Bruegel, ngakhale akatswiri ambiri amati ndi kope chabe, Icarus umachita kumusakasaka. Kutsogolo kuli mlimi wamalaya ofiira akulima ndi hatchi, m'busa maso ali kumwamba, msodzi ali bize ndi mbedza yake, sitima ikungodzipitira. Icarus ndi timiyendo tiwiri tokha tikuphiriphitha m'madzi kumunsi chakumanja ndipo palibe olo mmodzi watembenuka. Ine apa mpomwe mtima umandiwawa, nyanja ili phee, kuwala kokongola, moyo ukupitilira koma mwana wa munthu akumira pompo.

Cha Herbert Draper cha 1898, chomwe chili ku nyumba yoonetsera zithunzi ya Tate ku London, ndi maliro enieni. Icarus wagona pathanthwe, thupi lake loderako, atsikana a m'nyanja atatu amuzungulira ndi chisoni, wina wanyamula zeze, dzuwa likulowa. Mapiko ake akuluakulu ali bwinobwino osathothoka, Draper anafuna tione ngwazi osati mwana wosamva.

Chokongola ndi cha Draper, sindikana. Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi cha Bruegel, mlimi uja wangoweramira pansi kutsata mzere wake.