Nyimbo za Düben kapena za Roman: gulu lanu liyambe ndi ziti?

Amene akufuna kuimba nyimbo zakale za kunyumba yachifumu ya ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ali ndi njira ziwiri, ndipo chimene chimagamula ndi zida zimene gulu lili nazo.

Njira yoyamba ndi mulu wa nyimbo zolembedwa pamanja zoposa 2,000 zimene banja la Düben linasonkhanitsa, makamaka Gustav Düben, amene anakhala mkulu wa oimba a mfumu mu 1663. Zili ku yunivesite ya Uppsala kuyambira 1732. Zambiri ndi zakutchalitchi, m'Chilatini ndi m'Chijeremani, ndipo olemba ake ambiri sanali a ku Sweden konse. Yotchuka kwambiri, Membra Jesu Nostri ya 1680, anailemba Dieterich Buxtehude wa ku Lübeck n'kuipereka kwa Gustav Düben. Imafuna mawu asanu, mavayolini awiri ndi zoimbira zapansi monga ogani, koma pagawo lachisanu ndi chimodzi mavayolini amakhala chete, pamalowa ma viola da gamba asanu, zida zakale za zingwe zoimbidwa ndi uta zitagwiridwa ndi miyendo. Magulu ambiri amagwa pomwepa, chifukwa oimba chida chimenechi ndi osowa. Vuto lina ndi kwaya yaikulu: anthu 40 amameza mavayolini awiri aja, choncho magawo a munthu mmodzimmodzi musawapereke kwa kwaya yonse. Dziwaninso kuti mapepala ena analembedwa m'kalembedwe ka oimba ogani a ku Germany, ka zilembo m'malo mwa manoti, moti pezani buku losindikizidwa kale.

Njira yachiwiri ndi Johan Helmich Roman (1694–1758), wolemba nyimbo wa ku Sweden, amene ndi wosavuta kuyamba naye. Anakhala ku London kuyambira 1716 mpaka 1721, ndipo m'nyimbo zake mumamveka kalembedwe ka Handel. Woimba chitoliro amene ali ndi mnzake wa harpsichord (chida chakale chofanana ndi piyano) angayambe lero ndi masonata 12 amene anasindikizidwa mu 1727. Drottningholmsmusiken, ya paukwati wachifumu wa Adolf Fredrik ndi Lovisa Ulrika mu 1744, ndi nkhani ina: gawo lotsegulira limafuna malipenga ndi ng'oma, ndipo popanda zimenezi limamveka lopanda mphamvu. Magawo onse alipo 24. Osawaimba onse mondondozana, omvera amatopa. Sankhani asanu ndi atatu kapena khumi, ofulumira ndi odekha mosinthanasinthana.

Kwa ife, gulu la oimba pakamwa asanu aluso lipite kwa Düben, la zida zokhazokha lipite kwa Roman. Kwaya yofuna Roman iyese misa yake, Then Svenska Mässan, bola ipeze wodziwa katchulidwe ka Chiswidishi, chifukwa mawu ake onse ali m'chinenero chimenecho.