Pampu yofinyira mkaka ndi yabwino, koma mawu a bambo wa shopu ija sindinawaiwale

Ndadikira miyezi inayi ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija ndikanangotukwana. Ndikunena pampu yamanja ija, ya chogwirira chobiriwira, imene imakhala pa shelefu ya pamwamba mu shopu ya zinthu za ana kufupi ndi msika wa pa boma ku Mangochi. Ine ndinaigula pa K35,000. Kapulasitiki kokwana m'chikwama cha m'manja, koma chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mitengo inasiya kutidabwitsa.

Ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina m'mbali mwa nyanja, kupitirira Namiasi, ndipo ndimakhala kwa Mpondasi. Ndimakwera minibasi 6 koloko m'mawa, kubwerera kunyumba dzuwa litalowa. Tchuthi cha uchembere malinga ndi lamulo ndi masabata 8, ndipo ine imodzi ndinaidyeratu ndisanachire, ndiye ndinabwerera kuntchito mwana ali ndi masabata 7. Ku sikelo amatiuza kuti tiyamwitse mwakathithi miyezi 6, osapatsa madzi ngakhale phala. Amene analemba masabata 8 ndi amene amanena za miyezi 6 atakhala pa mphasa imodzi n'kukambirana zingatithandize. Podikira zimenezo, ndinapita kukagula pampu.

Mtsikana wa pa kauntala anali pa foni. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, imagwira bwanji ntchito imeneyi?" Osadzutsa mutu anangoti, "Zalembedwa m'katimo, mayi." Bokosi linali lomata ndi selotepu ndipo anakana kuti nditsegule ndisanalipire. Ndinalipira pa Mpamba, lisiti osandipatsa. Kunyumba ndinawiritsa zonse, n'kulumikiza poonera chithunzi cha pa bokosi. Apongozi ataiona anaseka mpaka kugwira m'nthiti: "Mukufuna kukamidwa ngati ng'ombe ya ku Bvumbwe?" Manyazi anandigwira. Ndinaiyesa kamodzi kokha usiku, sipanatuluke kanthu, ndipo ndinaganiza kuti n'chifukwa choti mwana anali atangoyamwa kumene. Mkaka womusiyira tsiku loyamba ndinachita kufinya ndi manja kwa masiku awiri, theka la kapu basi, n'kusungitsa mu furiji ya aneba.

Tsiku loyambalo linali Lolemba, pakati pa Okutobala, ndipo Okutobala wa ku Mangochi mukumudziwa nokha. Yunifolomu yathu ndi bulauzi yoyera. Pofika 10 koloko mabere anali gwa ngati miyala, kuwawa kofika m'khwapa. Ndinapempha mnzanga andigwirire pa desiki, ndinalowa m'chipinda chosungira nsalu zoyala pa bedi, ndinakhoma, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ndikukanikiza chogwirira, pampu ikungoti fwe, fwe, mpweya wokhawokha. Siikugwira bere n'komwe. Ndinamasula, kulumikizanso, kutembenuza, thukuta lili kamukamu. Botolo lili gwa, ngakhale dontho. Ndili mkati momwemo ndinamva basi ikuima panja, alendo a msonkhano afika, ndipo mnzanga akugogoda kuti ndifulumire.

Ndinatuluka, n'kuyamba kugawa makiyi. Mayi wina pa mzerepo anali ndi khanda kumbuyo, ndipo khandalo litangolira, mkaka wanga unangoyamba wokha. Amene munayamwitsapo mukudziwa kuti bere silisankha kuti akulira ndi mwana wa ndani. Zigamba ziwiri pa bulauzi yoyera, zikukula ndikuona, mkaka ukutsikira m'chiuno. Bambo amene ndinkamulembera anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli zolemba. Ndinangoti kakasi, cholembera chili m'manja. Mayi wina wachikulire mwa alendowo anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kundifunditsa pamapewa, nati, "Fundani, mwana wanga, tonse tinadutsamo." Chitenjecho anakana kuti ndimubwezere, ndikadali nacho.

Amene anandipulumutsa tsikulo ndi mayi wathu wa kochapira, mayi wa ana asanu ndi mmodzi. Anandikokera kuseri, ananyika thaulo m'madzi ofunda, n'kundiuza ndithowe bere ndi kulisisita kuchokera m'khwapa kutsikira kunsonga. Ataona mmene ndinkafinyira anagwedeza mutu. Ine ndinkatsina nsonga yeniyeni, n'chifukwa chake inkawawa ndipo mkaka unkatuluka wochepa. Anandiika chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, chakumapeto kwa mbali yakuda ija, n'kunena kuti ndikankhire kaye m'chifuwa kenako ndipanikize, ndisiye, ndipanikizenso, ndikusuntha zala kuzungulira bere. Mkaka unathamanga mpaka kumenya mbali ya kapu. Ndinalira, pang'ono chifukwa cha mpumulo, pang'ono chifukwa cha K35,000 yanga.

Madzulo ndinatsikira pa boma, bulauzi itauma n'kulimba ngati yothira sitachi, n'kulunjika ku shopu ija. Mtsikana uja anangondilozera pepala la pa khoma loti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinati ndikufuna mwini wake. Anatuluka bambo wa shopuyo, chotokosera mano chili m'kamwa, pampu osaigwira n'komwe. Anati, "Mayi, pampu siipanga mkaka. Ngati m'mawere mulibe, mulibe basi. Ana a masiku ano akukulira chitini." Akunena izi akuloza zitini za mkaka zili kumbuyo kwake, anthu ali m'shopumo akumva.

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa ndemanga iyi. Ndalama sizinandiwawe ngati mawuwo. Mayi wa khanda la masabata 7, wosagona, wongoyamba ntchito, chinthu chimene amachiopa usiku uliwonse n'choti mkaka wake sukukwana. Ndiye munthu amene sanayamwitsepo, sanayang'ane ngakhale katundu wake yemwe, akukuuza pagulu kuti ulibe mkaka, bulauzi yako ikununkha mkaka womwewo. Pa zitini zakezo palembedwa kuti mkaka wa m'mawere ndiwo wabwino koposa kwa mwana, koma ndikuona kuti iye amangowerenga mtengo. Ndinatsala pang'ono kugula. Chinandiletsa ndi masamu: chitini cha magalamu 400 sichitha sabata pa mwana wa msinkhu umenewo, kuwonjezerapo makala owiritsira madzi ndi mabotolo tsiku lililonse, ndipo m'nyengo yotentha botolo losatsukidwa bwino ndi kutsegula m'mimba zimayendera limodzi. Nditafika kunyumba ndinapeza theka la kapu lija linatha masana, mwana walira mpaka kusasa mawu, apongozi atatunga kale madzi pa supuni kuti "akumva ludzu ndi kutenthaku". Ndinawalanda supuniyo mwaulemu umene unatsala, n'kumuika mwana kubere.

Lachitatu bere lakumanja linafiira mbali imodzi, thupi likuzizidwa ngati malungo. Ndinapempha tchuthi cha m'mawa n'kupita kuchipatala, pampu ili m'jumbo, cholinga choti ndikaonetse anamwino chinthu chachabechabe chimene akugulitsa pa boma. Anandiyeza malungo, panalibe. Anati bere latupa chifukwa mkaka ukukhalitsa, anandipatsa mankhwala, nandiuza kuti ndisasiye kuyamwitsa bere lomwelo ngakhale likuwawa, mkakawo sunawonongeke. Kenako anatenga pampu, kuimasula, kusuzumira m'kati, n'kufunsa, "Nanga kalabala kali kuti, mayi?"

"Kalabala kanji?"

"Koyera, kooneka ngati mlomo wa bakha. Kamakhala pansi apa. Popanda kameneko mpweya umangodutsa, siingakoke."

Ndinathamangira kunyumba pa kabaza. Bokosi lija apongozi anali ataikamo kale singano ndi ulusi wawo. Ndinakhuthula zonse, n'kukweza katoni ya pansi, ndipo kalabala kanali pomwepo m'kapepala kake, kosatsegula. Kapepala ka malangizo kanalinso pomwepo, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Safunsa anadya phula, ndavomera, mbali ina vuto linali langa. Koma ine ndinafunsa. Ndinafunsa tsiku logula, ndinafunsanso tsiku lobweza, ndipo ikanakhala shopu yodziwa katundu wake, mphindi imodzi yokha ikanakwana kuti aone chimene chikusowa.

Kuyambira tsiku limenelo pampuyi sinandikhumudwitse, ndipo apa ndiyenera kunena zoona. Imakoka bwino, siipweteka ukayamba ndi kukanikiza kwafupikufupi mwachangu, kenako n'kumakoka motalika mkaka ukayamba kubwera. Siifuna magetsi, ndiye kuthimathima sikundikhudza. Ya magetsi ija ya mtengo wowirikiza katatu ndinkaisirira, pano ayi. Masiku oyamba ndinkapeza mamililita 40 kapena 50 mabere onse awiri, ndipo ndikanakhala wopanda wondilimbikitsa ndikanati bambo uja ananena zoona. Anamwino anali atandichenjeza kale kuti bere limapanga mkaka molingana ndi umene watulukamo, ndiye ndisadumphe nthawi. Pakutha pa masabata awiri ndinkafika 120, masiku ena 150 nthawi imodzi. Ndimafinya cha m'ma 10 ndi cha m'ma 2, ndipo ndimayenda ndi kamalaya kamene mwana wagona nako. Musaseke, ndikakanunkhiza mkaka umabwera msanga kuposa kuyang'ana chithunzi chake pa foni. Usiku ndi m'mawa amayamwa yekha mmene akufunira, ndipo Lamlungu pampu imapuma.

Nthawi yofinyirayo poyamba ndinkachita kuba ngati ndikulakwa. Amuna anga ndi amene anandiuza kuti lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021, ndipo mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wa theka la ola kawiri pa tsiku mpaka mwana atakwana miyezi 6. Abwana nditawauza sanavute, anangoti ndizisinthana ndi mnzanga. Lamulo lomwelo ndi limene linapatsa abambo masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa, ngakhale athuwa theka la masikuwo anathera pa bawo.

Kusunga mkaka kuno ndiye nkhani. Amati pa malo ozizira bwino umakhala maola 4, koma chipinda cha malata kwa Mpondasi mu Novembala si malo ozizira, ndiye ine sindiyerekeza. Kuntchito ndimaika mu furiji ya kukhitchini, m'timabotolo tovindikira, nditalemba tsiku pa selotepu kuti ophika asathire mu tiyi wa alendo. Mu furiji umakhala mpaka masiku 4. Pobwerera ndimauika m'kabokosi kozizira konga ka ogulitsa chambo, ndi mabotolo awiri a madzi oundana, ndipo umafika uli zii ngakhale minibasi ichedwe kudzadza. Aneba ndimawapatsa kangachepe ka magetsi pa mwezi.

Apongozi anatenga nthawi. Tsiku lina anataya mamililita 150 athunthu ati wasasa, chifukwa pamwamba panayandama mafuta ndipo pansi panali ngati madzi. Mkaka wa munthu umatero ukakhala, umangofunika kuugwedeza pang'ono. Ndinalowa kuchipinda n'kulira ngati ndataya ndalama. Pano ndi katswiri. Amaika kabotolo m'mbale ya madzi ofunda, sawiritsa, amathira m'kakapu, amamukhazika mwana pamiyendo n'kugunditsa kapu pa mlomo kuti azimwa yekha, osamutsanulira. Ku chipatala anatiuza kapu osati botolo la nsonga, poti kapu savuta kutsuka ndipo mwana sakana bere. Za madzi anasiya ataona matewera akunyowa kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, ndi mzere wa m'buku la sikelo ukukwera mwezi ndi mwezi. Ndawamva akuuza anzawo pa mjigo kuti mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi ake, ngati kuti anatulukira okha. Za ng'ombe ya ku Bvumbwe sanazitchulenso.

Zofooka zake zilipo. Dzanja limatopa, makamaka bere lachiwiri. Manambala a pa botolo anayamba kufufutika nditawiritsa kwa mwezi umodzi. Kalabala kaja kamatha: kanga kanayamba kuyasama pa miyezi iwiri ndi theka, mkaka n'kuchepa, ndipo ndinadzidzimuka poganiza kuti ndine, pomwe ndi labala. Ndinameza mkwiyo n'kubwerera ku shopu ija kukafunsa kapadera. Alibe, ati ndigule pampu ina yonse. Mtsikana uja anandizindikira, sanapepese, koma ananong'ona kuti masiku ano amatsegula bokosi n'kuonetsa wogula zonse zili m'kati. Ndinamukhululukira pang'ono, iyenso ndi wolembedwa ntchito. Bambo uja anali pakhomo, sindinamupatse moni. Timalabala tiwiri anandigulira mchemwali wanga ku Limbe n'kutumiza pa minibasi.

Pampu ndikuipatsa nyenyezi 4, shopu imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mtsikana uja. Mukagula pamenepo tsegulani bokosi pa kauntala pomwepo, kwezani katoni ya pansi, ndipo muiyese kunyumba sabata ziwiri tchuthi chisanathe, osati tsiku loyamba m'chipinda cha nsalu ngati ine. Mwana wanga akwanitsa miyezi 6 sabata ya mawa, ufa wa phala wosakaniza ndi nsinjiro ndi usipa apongozi asinja kale. Pampu ndipitiriza nayo kamodzi pa tsiku, kenako ipita kwa mlamu wanga wa ku Namwera amene akuyembekezera, pamodzi ndi kalabala katsopano katsala kaja.