Ndemanga yanga pa chisamaliro cha ku Tiyanjane, ku chipatala cha Queens

Aliyense amene amandifunsa za Tiyanjane ndimamuuza kuti apite msanga, asadikire kuti wodwala afike potheratu. Iyi ndi kiliniki ya pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre yomwe imasamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika, ndipo yakhala ikugwira ntchito imeneyi kuyambira 2003. Ine ndikuipatsa nyenyezi zonse zisanu ngakhale kuti bambo anga sanachire. Anali ndi khansa ya kummero ndipo anatisiya chaka chatha. Chomwe ndikuthokoza ndi mmene madokotala ndi anamwino a kumeneko anawasamalira m'miyezi yawo yotsiriza, komanso mmene anatigwirira dzanja ifeyo, ana awo ndi mayi athu.

Matendawa anayamba mozemba. Bambo anali kalipentala, munthu wokonda nsima yolimba, koma anayamba kudandaula kuti mbamu ikuima pachifuwa. Mayi anayamba kuphika yofewa, kenaka anangotsala pa phala. Thalauza linayamba kuvuka. Tinkapita nawo ku kiliniki ina yolipira kufupi ndi kwathu, komwe ulendo uliwonse ankangoti ndi zilonda za m'mimba, n'kutilembera mankhwala oti tikagule. Munthu wolembayo sankadzutsa n'komwe mutu kuti awayang'ane bambo. Ndalama zinapita, nthawinso inapita, ndipo mpaka lero zimenezi zimandiwawa. Amene anazindikira kuti pali vuto lalikulu ndi adokotala a pa chipatala cha boma cha m'boma lathu. Anafunsa ngati chinayamba kukana ndi chakudya cholimba kenaka chofewa, anawakweza pasikelo, ndipo tsiku lomwelo anatilembera kalata yopita nayo ku Queens.

Ku Queens anawalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, n'kutapa kanyama kochepa kuti akakayeze. Zotsatira zitabwera anatiuza kuti ndi khansa ya njira yomwe chakudya chimadutsa kuchoka kukhosi kupita m'mimba, ndipo inali itafika poti opaleshoni siingathandize. Ndipamene ndinamva kuti Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndiponso kuti ambiri amafika kuchipatala itakula kale.

Apa ndi pomwe panali nkhani. Ife tinagwirizana panja pa wodi kuti bambo asauzidwe. Azakhali athu, mlongo wawo wa bambo, ndi amene analimbikira kwambiri. Ankati munthu ukamuuza kuti ali ndi khansa ndiye kuti wamupha ndi pakamwa. Ine ndinatumidwa kuti ndikawapemphe adokotala a ku Tiyanjane kuti akabwera angonena kuti ndi chilonda cha kukhosi.

Adokotalawo, mayi wachikatikati wolankhula mofatsa, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanandidzudzule. Anandiuza kuti sadzakakamiza bambo kumva zomwe sakufuna kumva, koma akawafunsa sadzawanamiza. Atafika pabedi anakoka mpando n'kukhala pansi, nkhope yawo kufanana msinkhu ndi ya bambo. Anapereka moni wonse, anafunsa kumudzi, anafunsa ntchito yomwe ankagwira, mpaka anakambirana za mtengo wa mbawa ndi mlombwa. Kenaka anati, "Bambo, inuyo mukaona mmene thupi likuchitira, mukuganiza kuti vuto ndi chiyani?"

Bambo anatiyang'ana tonse. Anati, "Adokotala, ine si mwana. Ana angawa akamalowa amalowa akuseka, koma maso ali psuu. Ndiuzeni."

Adokotala anawafunsa ngati akufuna kumva zonse kapena pang'ono, komanso ngati akufuna kumva ali okha kapena ife tilipo. Anasankha kuti tikhalepo. Ndiye anawauza m'Chichewa chomveka bwino, mawu ochepa panthawi, n'kumaima kuti bambo apume ndi kufunsa. Pamene mayi anayamba kulira, adokotala sanathamangire kutseka nkhani. Anadikira. Chomwe anamaliza nacho ndi lonjezo loti matendawo sangawachotse, koma ululu angathe kulimbana nawo, ndipo sadzatisiya tokha.

Ndaganizira kwambiri za tsiku limenelo. Tikanapambana ife ndi bodza lathu, bambo akanatha miyezi yawo yotsiriza akudikira kuchira, ife tikunamizira kuseka. M'malo mwake anaitanitsa mng'ono wawo yemwe anali atasiyana naye mawu kalekale chifukwa cha munda, ndipo anakhululukirana. Ananena okha woti atenge zipangizo zawo za ukalipentala. Anatchula anthu omwe anali nawo ngongole ndi omwe anali atalipira kale mipando yosamalizidwa, kuti pambuyo pasadzakhale mlandu. Anapempha akulu a mpingo kuti abwere ndi mgonero. Zonsezi zinatheka chifukwa dokotala mmodzi anawalemekeza ngati mwini wake wa moyo wawo, osati ngati bedi nambala yakuti.

Tsopano za mankhwala, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amaopa monga tinkaopera ife. Bambo anali atamwa panado ndi mankhwala ena opha ululu mpaka anasiya kugwira ntchito, komanso mapiritsi enieniwo ankawavuta kumeza. Ku Tiyanjane anawayambitsa morphine wamadzi. Titangomva dzinalo, achimwene anga anakana, amvekere mankhwala amenewo amaperekedwa pofuna kufulumizitsa imfa. Anamwino anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti amayamba ndi mlingo wochepa, n'kumawonjezera pang'onopang'ono malinga ndi mmene ululu ulili, ndipo akaperekedwa motero sapha munthu. Anatiphunzitsa kuyeza ndi sirinji yopanda singano, n'kutiuza kuti tiziwapatsa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ayambe abuula. Ichi chinali chachilendo kwa ife chifukwa tinazolowera kumwa mankhwala mutu ukayamba kupweteka. Anandiuza kuti ndiyeze ndekha iwo akuona, kenaka mayi, mpaka anakhutira kuti sitingalakwitse. Anatichenjezeratu kuti masiku oyamba bambo azisinza, mwinanso kuchita nseru, ndipo kuti morphine amamanga m'mimba, choncho anatipatsiratu mankhwala ofewetsa chimbudzi. Anatinso botolo tizilisunga patali ndi ana. Zonse zomwe ananena zinachitika momwemo, ndiye sitinadzidzimuke. Sabata yomweyo bambo anayamba kugona usiku wonse, chinthu chomwe chinali chitasowa m'nyumba mwathu.

Pa vuto la kumeza, madokotala anaona kuti bambo angathandizike ndi stent, kachubu kachitsulo kolukidwa ngati ukonde komwe amakaika pamalo pomwe chotupa chatseka kuti chakudya chizidutsa. Si wodwala aliyense amene kamamuyenera, iwo ndi amene amaona. Anawauziratu bambo kuti kachubuko sikachiritsa khansa, kamangotsegula njira, ndipo anawasiyira kuti asankhe okha. Anavomera. Atakaika anayambanso kumwa phala, thobwa losefa, mazira ofewa ndi mapeyala opota. Anatilangiza kuti azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, akumwera madzi, ndipo asamagone pansi akangotha kudya.

Pali chinthu china chomwe ndimafuna madokotala ena atatengerako. Azakhali ankakhulupirira kuti bambo anadyetsedwa. Kwa iwo zinali zoonekeratu, poti munthu ankati pali chinthu chaima pachifuwa. Tsiku lina ananena zimenezi pamaso pa adokotala, ine n'kuchita manyazi. Adokotala sanaseke, sanakwiye, ndipo sanawanyoze azakhali. Anati akumvetsa chifukwa chake munthu angaganize choncho, kenaka anajambula papepala mmero ndi chotupacho, kuwaonetsa pomwe chakudya chikukanika. Anangopempha kuti ngati pali mankhwala achikuda omwe akufuna kuwapatsa, ayambe awaonetsa, ndipo asawapatse osanzitsa chifukwa angawavulaze. Sindinganene kuti azakhali anasiyiratu maganizo awo. Koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kubisa, ndipo ndi iwo amene ankakumbutsa nthawi ya morphine usiku. Akanawachititsa manyazi pagulu, ndikudziwa kuti bambo akanatulutsidwa m'chipatala usiku kupita kwa sing'anga.

Anthu ambiri sadziwa kuti gadiyani nayenso amadwala. Mayi anali atatha thupi, osadya, osagona. Namwino wina anawayang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, mwadya lero? Akukulandirani ndani?" Mayi anangogwetsa misozi, chifukwa chiyambire matendawo panalibe amene anawafunsapo za iwo eni. Namwinoyo anatiitana ana tonse n'kutiuza mosabisa kuti tigawane masiku. Anatiphunzitsanso kutembenuza wodwala pafupipafupi kuti asatuluke zilonda zogonera, kutsuka m'kamwa ndi kansalu koyera ndi madzi a mchere pang'ono, komanso kusintha zofunda munthu ali pabedi pompo. Ine mwana wamkazi ndinkachita mantha kusamalira bambo wondibereka pa zinthu zina, ndipo iwo anamvetsa msanga. Ntchito zimenezo anaphunzitsa achimwene ndi mayi, ine n'kundipatsa ya mankhwala ndi chakudya.

Poti Queens ndi chipatala chophunzitsirako, kumabwera ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences. Ndinakondwa kuona kuti asanawagwire bambo ankayamba apempha chilolezo, ndipo tsiku lina bambo atati atopa anawasiya osanyinyirika. Ngati achinyamata amenewa akuphunzira poonera madokotala ngati amene tinakumana nawo ife, mtima wanga uli m'malo.

Chovuta kwambiri kwa ine chinali chakumapeto, pamene bambo anasiya kufuna chakudya. Kwathu kuno kudyetsa wodwala ndiye chikondi, ndipo mbale ikabwerera yodzaza umaona ngati walephera. Tinkawakakamiza mpaka ankakwiya. Tinapempha kuti awagoneke ndi kuwaika diripi. Adokotala anatifotokozera kuti thupi likafika pamenepo silifunanso chakudya chambiri, ndipo kukakamiza kumangowatsamwitsa ndi kuwasautsa. Anati tiziwapatsa zomwe apempha, ngakhale masipuni awiri okha, ndi kuwanyowetsa milomo. Kenaka anatembenukira kwa bambo n'kuwafunsa komwe akufuna kukhala. Anayankha kuti kunyumba. Tinkaopa kuti kumudzi adzati tawataya, koma adokotala anati aliyense wokayika abwere adzamufotokozere okha. Analemba zonse m'buku la kuchipatala momveka bwino kuti tizikatenga morphine ku chipatala cha m'boma lathu m'malo mokwera minibasi mpaka ku Ginnery Corner, komwe kuli Queens, ulendo uliwonse. Anatiuzanso zizindikiro zomwe tidzaone nthawi ikamayandikira, monga kugona kwambiri, kusintha kwa kapumidwe ndi kuzizira kwa manja ndi mapazi. Zinali zowawa kumva, koma zitayamba kuchitika sitinathamange uku ndi uku kusaka galimoto pakati pa usiku. Tinaitana abale, tinaimba nyimbo, ndipo bambo anapita ali pabedi lawo, osabuula.

Za ndalama, kuonana ndi adokotala a ku Tiyanjane ndi morphine sitinalipire kalikonse. Zomwe zimadya ndalama ndi mayendedwe, chakudya cha gadiyani ndi zakudya zofewa za wodwala, choncho banja likonzekere zimenezo. Queens imalandira odwala ochokera m'chigawo chonse cha kummwera, ndiye lawirirani m'mamawa. Musaiwale buku la kuchipatala, kalata yokutumizani ndi mankhwala onse omwe wodwala akumwa. Mafunso alembeni papepala musananyamuke, chifukwa ukafika pamaso pa dokotala mutu umaima. Ndipo pitani ndi wachibale amene mawu ake amamveka m'banja, kaya ndi amalume kaya azakhali, kuti adzimvere yekha.

Amene muli kutali ndi Blantyre musaganize kuti thandizo lotere lili ku Queens kokha. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro chimenechi mu 2014, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala ophunzitsidwa ntchitoyi. Mukafika funsani kuti a palliative, omwe amasamalira odwala matenda osachiritsika, amapezeka kuti. Ku Salima kuli Ndi Moyo, yomwe inayambitsidwa ndi mayi Lucy Finch ndipo inatsegulidwa mu 2007. Zipatala za mishoni monga St Gabriel ku Namitete ndi Mulanje Mission nazonso zimachita ntchito imeneyi, ndipo ana odwala matenda otere amasamalidwa ndi gulu la Umodzi pa Queens pompo. Ineyo ndinganenepo za Tiyanjane chifukwa ndi kumene ndinaona ndi maso anga.

Ngati kwanu kuli munthu amene nsima yayamba kumuima pachifuwa ndipo akuonda, musalole kuti miyezi ithe akungomwa mankhwala a zilonda za m'mimba. Pitani naye ku chipatala cha boma, fotokozani kuti akuvutika kumeza, ndipo pemphani kalata yoti akamuunike kummero ndi kamera.