Ryzen 7 7800X3D, RAM ya DDR5-6000 ndi choziziritsa cha madzi: mmene zayendera kuchokera m'nyengo yozizira kufika yotentha

Kompyuta imene ndikuifotokoza pano ndinaimanga ndekha m'nyengo yozizira, ndipo ndinadikira dala kuti idutse kaye m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno ku Lilongwe ndisananene maganizo anga. Muli purosesa ya AMD Ryzen 7 7800X3D, motherboard ya B650, ma RAM awiri a DDR5-6000 CL30 (CL ndi muyezo wa nthawi imene RAM imatenga kuti iyankhe) a 16 GB iliyonse ogulidwa m'paketi imodzi, ndi choziziritsa cha madzi chotsekeratu, chija amachitcha AIO, chokhala ndi rediyeta ya mamilimita 360. Masana ndimakonzera mavidiyo, usiku ndimaseweretsa magemu.

Liwiro la 6000 lolembedwa pa paketi si limene AMD imalonjeza. Pa mapurosesa a Ryzen 7000 kampaniyi imavomereza DDR5-5200 mukaika ma RAM awiri, ndipo mukadzaza mipata yonse inayi imavomereza DDR5-3600 yokha. Ma RAM anga atangoikidwa anayamba kuyenda pa 4800 ndi 1.1 V, umene ndi muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, ndipo anafika pa 6000 ndi 1.35 V nditayatsa EXPO, dongosolo la AMD lokwezera liwiro la RAM, mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yoyatsira ndi kukonzera makina. Kuyatsa EXPO n'kuthamangitsa makina kupitirira malire ovomerezeka, ngakhale kuti amachita ndi batani limodzi. N'chifukwa chake ndinasankha paketi imene ili pa mndandanda wa ma RAM oyesedwa ndi opanga motherboard, umene amautcha QVL, ndi kuwaika m'mipata ya A2 ndi B2 monga buku la malangizo linenera. Pakuyatsa koyamba sikirini inakhala yakuda kwa kanthawi ndithu pamene makina anali kudziyesa ndi RAM yatsopanoyo. Wosadziwa angaganize kuti china chapsa.

Patapita miyezi ingapo mnzanga anandibwereka paketi ina ya dzina lomwelo, liwiro lomwelo ndi CL30 yomweyo, kuti ndione ngati 64 GB ingatheke. Pulogalamu ya CPU-Z inaonetsa kuti tizidutswa ta mkati mwake tinachokera kwa wopanga wina. Izi sizachilendo, popeza makampani akuluakulu opanga tizidutswa ta mkati mwa RAM, totchedwa DRAM, ndi atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndipo ogulitsa RAM amatha kusintha kumene akugula osasintha dzina la pa paketi. Ma RAM anayiwo anakana kuyaka pa 6000, anangolola nditatsitsa liwiro kwambiri. Amene akufuna 64 GB agule ma RAM awiri a 32 GB m'paketi imodzi, asamaganize zowonjezera mtsogolo.

Nkhani ya voltage imasokoneza ambiri chifukwa ilipo ingapo. Ya RAM yeniyeniyo, VDD ndi VDDQ, imayendetsedwa ndi kachipangizo kotchedwa PMIC, kamene pa DDR5 kali pa RAM pomwepo osati pa motherboard monga zinalili pa DDR4. Ina ndi ya SoC, imene imadyetsa gawo la purosesa lolankhulana ndi RAM, ndipo iyi ndiyo yoopsa. Mu Epulo 2023 kunamveka malipoti a mapurosesa a 7800X3D amene anapsa pamodzi ndi soketi yake, ma motherboard ena atakweza voltage ya SoC mopitirira pamene EXPO yayatsidwa. AMD inayankha poika malire a 1.3 V kudzera mu BIOS yatsopano. Motherboard imene yakhalitsa m'sitolo ikhoza kubwera ndi BIOS yakale, choncho ntchito yanga yoyamba inali kuikamo yatsopano, kompyuta ili pa UPS, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka mphamvu magetsi akathima, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito imeneyi motherboard ikhoza kusayakanso. Kenako ndinatsitsa SoC kufika pa 1.2 V, ndipo miyezi yonseyi sinafunepo zoposa pamenepo.

Chimene chinandiphunzitsa zambiri chinachitika kutentha kutafika. M'nyengo yozizira ndinatalikitsa tREFI, nthawi imene RAM imadikira isanatsitsimutse zimene yasunga, monga amachitira ambiri ofuna liwiro lowonjezera, ndipo mapulogalamu oyesera RAM a TestMem5 ndi MemTest86 sanapeze cholakwika chilichonse. Pofika Okutobala magemu anayamba kudzitseka okha, kamodzi mwa apo ndi apo, makamaka masana graphics card ikagwira ntchito nthawi yaitali. TestMem5 yokha inkadutsabe bwino, koma nditaiyendetsa pamodzi ndi gemu yolemera kuti bokosi litenthe mkati, zolakwika zinatuluka, ndipo pulogalamu yoonera kutentha kwa zipangizo ya HWiNFO64 inaonetsa kuti ma RAM atentha kwambiri kuposa mmene ankatenthera mu Julayi. Chifukwa chake n'chomveka. Kachipinda kalikonse ka DRAM kamasunga mphamvu ya magetsi imene imadontha pang'onopang'ono ngati madzi m'chidebe chobooka, ndipo kutentha kumafulumizitsa kudonthako. JEDEC yomwe imalamula kuti kutsitsimutsa kuchitike kawiri kuposa nthawi zonse RAM ikapitirira madigiri 85. Munthu akatalikitsa tREFI, zolakwika zimayamba kutentha kusanayandikire n'komwe pamenepo.

Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri pa vuto lotere ndi akuti muwonjezere voltage ya RAM. Ine sindinawatsatire, chifukwa voltage yowonjezera imatenthetsanso tizidutswato pamodzi ndi PMIC, ndiye kuti mukukulitsa chimene chadzetsa vutolo. Gwero linali choziziritsa cha madzi. Choziziritsa cha mpweya chachikulu chimakoka mphepo kudutsa pa ma RAM popita ku purosesa, pamene AIO imangoika pampu yaing'ono pa purosesa, malo ozungulira n'kukhala opanda mphepo. Kuwonjezera apo, rediyeta yanga inali kutsogolo kwa bokosi, kotero mpweya wolowa unkafika utafunda kale. Ndinaisamutsira pamwamba kuti izitulutsa mpweya kunja, ndinaika fani yaing'ono yopemerera pa ma RAM, ndipo tREFI ndinaibwezera pamene EXPO inaiika. Zolakwika zinatha, ndipo kusiyana kwa liwiro m'magemu sindikuona ndi maso.

Za AIO payokha, ntchito yoziziritsa purosesa imagwira bwino, koma ndikuona kuti ndi yaikulu mopitirira zimene 7800X3D imafuna. Purosesayi ili ndi TDP (muyezo wa kutentha kumene choziziritsa chiyenera kutha kuchotsa) ya 120 W ndi malire a madigiri 89, ndipo m'magemu imadya magetsi ochepa kuposa pamenepo. Kutentha kwake kumachokera pa kamalo kakang'ono kokutidwa ndi cache (memori yachangu ya mkati mwa purosesa) yowonjezera, choncho chovuta n'kukutulutsa mu purosesa, osati kukula kwa rediyeta. Fumbi la m'chilimwe limatseka timipata ta rediyeta msanga, moti ndimaipemerera pafupipafupi. Kaphokoso ka thovu kamene pampu inkachita m'mawa kanaleka rediyeta itakwera pamwamba, popeza mpweya wotsalira m'madzimo umasonkhana pamalo okwera kwambiri, ndipo malowo sayenera kukhala pampu. Madzi sanadonthepo. Komabe madzi a mu AIO amachepa pang'onopang'ono pa zaka kudzera m'mapaipi, ndipo mitundu yambiri ilibe powonjezerera.

Ndikanakhala kuti ndikugula lero, RAM ndikanatenga yomweyi, koma choziziritsa ndikanasankha cha mpweya cha nsanja ziwiri, nditayeza kaye kutalika kwa ma RAM kuti asagundane ndi fani. Pampu ya AIO ikafa, chipangizo chonse chatha ntchito, ndipo kompyuta imangokhala mpaka china chitafika, mwina choitanitsa ku Johannesburg. Pa choziziritsa cha mpweya chimene chingafe ndi fani yokha, ndipo fani ya mamilimita 120 sivuta kuipeza kwa ogulitsa zipangizo za makompyuta m'tauni.