ACE-IQ ya WHO: imayeza bwino mavuto a ubwana, koma imaiwala amene anagwira mwana dzanja

Kwa mabungwe ofufuza za achinyamata, ACE-IQ ndi mndandanda wa mafunso oyeza mavuto amene munthu anakumana nawo ali mwana (ACE), ndipo ndi chida chosalipira chomwe chili pa webusaiti ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Maziko ake ndi kafukufuku wa mabungwe a zaumoyo a CDC ndi Kaiser Permanente ku San Diego, ku America, pakati pa 1995 ndi 1997, wokhudza anthu oposa 17,000. Kumeneko mavuto anali m'magulu 10. WHO inawafikitsa pa 13, kuonjezerapo kuzunzidwa ndi ana anzako, ziwawa za m'dera komanso nkhondo. Kuno kwathu, kafukufuku wa MLSFH, wotsatira mabanja ndi umoyo wawo m'Malawi kwa zaka zambiri, anagwiritsa ntchito ACE-IQ pa ana a zaka 10 mpaka 16 ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, ngakhale poyamba inalembedwera anthu a zaka 18 kupita m'mwamba.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kuwerengera. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, pa gulu lililonse la mavuto, imapatsa 1 aliyense amene chinthucho chinamuchitikirapo, ngakhale kamodzi kokha. Kumudzi komwe kukwapula ana kumatengedwa ngati kulanga wamba, pafupifupi aliyense amapeza 1, ndipo manambalawo sasiyanitsanso mwana wovutikitsitsa ndi mnzake. Njira yachiwiri imayang'ana kuti zinachitika kangati, ndipo ndiyo yothandiza. Sankhani musanapite kukafunsa anthu.

Samalaninso funso la chakudya. Limafunsa ngati makolo ankam'mana mwana chakudya pomwe akanatha kum'patsa mosavuta. Wofunsa akathamanga n'kudumpha mbali yomalizayo, njala ya mu Januwale imalowa m'gulu la kusasamalira mwana. Mawu oti "makolo" nawonso afotokozedwe bwino, poti ana ambiri analeredwa ndi agogo kapena amalume.

Chofooka chachikulu n'chakuti palibe funso lokhudza mphunzitsi, mlangizi wa kumpingo kapena wamkulu wina amene ankamvetsera mwanayo. Ngati pulogalamu yanu ndi yolangiza achinyamata, phatikizani mafunso 10 a Benevolent Childhood Experiences, oyeza zabwino za paubwana, omwe amafunsa zimenezo.

Musamagwiritse ntchito ACE-IQ posankha mwana woti alowe m'pulogalamu. Robert Anda, mmodzi mwa oyambitsa kafukufuku woyamba uja, anachenjeza mu 2020 kuti nambala ya ACE ndi yoonera gulu la anthu, osati yoweruzira munthu mmodzi. Funsani pamalo poduka mphepo, mtsikana afunsidwe ndi mayi, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ya Tithandizane ikhale pafupi kwa mwana woulula nkhanza zomwe zikuchitikabe.