Mazda Roadster ya 2001 yotsegula denga ngati galimoto yoyamba mu Harare

Galimoto yanga ndi Mazda Roadster ya 2001, imene kwina amaitcha MX-5: injini ya 1.6, giya wa pamanja, mipando iwiri, denga lansalu lopinda. Ndinaigula konkuno itayenda kale makilomita 214,000, ndipo ndi yoyamba kukhala m'dzina langa. Anyamata a kumpingo kwathu ku Mufakose akhala akundifunsa ngati nawonso agule yotere, ndiye ndati ndiwayankhe onse pamodzi.

Aliyense amayambira pa makilomita, koma ine makilomitawo sanandisowetsepo tulo. Injini yake ndi ya mtundu wa B6, banja limodzi ndi imene inali mu Mazda 323 ndi Familia, ndipo popeza Mazda ankamangidwa ku fakitale ya Willowvale kuno ku Harare kwa zaka zambiri, amakaniko achikulire a ku Gazaland, malo okonzerako galimoto ku Highfield, amaidziwa bwino. Bambo amene amandikonzera anangotsegula boneti n'kunena kuti, "Iyi ndi 323 imene yangogona chautali, mwana wanga, usaope." Fyuluta ya oyilo ndi mapulagi ndimazipeza mu Kaguvi Street osavutika. Chimene anandiumiriza kusintha sabata yoyamba ndi lamba wa timing pamodzi ndi pampu ya madzi, chifukwa lambayu amafunika kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000 aliwonse ndipo wogulitsa analibe pepala losonyeza kuti anasinthapo kachiwiri. Anandionetsanso pamwamba pa rediyeta: pulasitiki yake imakhala yakuda ikakhala yatsopano, ikayamba kufiirira ndiye kuti yakalamba ndipo itha kung'aluka tsiku lililonse. Yanga inali itafiirira kale, tinaichotsa.

Nkhani yaikulu ili pa denga. Kuseri kwa mipando, pamene denga limagona mukalipinda, kuli timabowo tiwiri, kumanja ndi kumanzere, totulutsira madzi a mvula pansi pa galimoto. Kuno ku Harare timabowo timeneti tili ndi mdani wake: maluwa a jacaranda. Mu Seputembala ndi Okutobala mukaimika galimoto mu Avenues, dera la pafupi ndi pakati pa tauni, maluwawo amagwera pa nsalu, kutsetserekera mu ngalande ya denga, n'kuwolera momwemo. Mvula ya Novembala ikamafika, madzi asowa njira. Amasefukira pa kapeti kuseri kwa mpando, ena amalowa m'zitsulo za m'mbali pansi pa zitseko, ndipo dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'kati, patsogolo pa matayala akumbuyo. Ndinalowetsamo waya wofewa wokutidwa pulasitiki, pansi panatuluka matope akuda onunkha, kenako madzi oyera ali chuu. Ntchito ya mphindi zochepa, koma mwini wake wakale zikuoneka kuti sankaidziwa.

Choncho mukapita kukaona galimoto yotere, pemphani ndowa ya madzi. Khalani m'kati, mnzanu athire pa denga ndi m'mbali mwa mawindo, inu muone pamene pakudontha. Kwezani kapeti mununkhize. Gwadani mugogode chitsulo cha pansi pa chitseko, ndipo ngati penti yatupa ngati matuza, bwererani kunyumba ndalama zanu zili m'thumba. Wogulitsa wokana ndowa wakuuzani kale zonse. Nsalu yatsopano ya denga simuipeza pa shelefu m'tauni, muyenera kuitanitsa kunja n'kudikira. Osoka mipando ya galimoto amatha kuika chigamba, ndipo changa chagwira bwino, koma dzuwa la kuno, mzinda uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, limaumitsa nsalu ndi malabala msanga. Wopanda galaja kapena shedi asayambe n'komwe. Nsalu imang'ambikanso ndi mpeni. Sindisiya ngakhale jekete pa mpando, ndipo usiku pa maloboti denga limakhala lotseka.

Pamsewu, galimotoyi ndi yaifupi kwambiri. Mahampu ndimawakwera chopingasa, pang'onopang'ono, makombi akundiimbira hutala kumbuyo. Maenje a m'misewu ya m'malokeshoni amadya mashoko ndi malabala a kunsi, ndipo ndalama zambiri zimene ndawononga zapita kumeneko osati ku injini. Chinanso chimene wongophunzira kumene ayenera kumva bwino: iyi imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, pomwe Honda Fit ndi Vitz zimene ambiri timaphunzirira zimakokedwa ndi akutsogolo. Ndi yopepuka, yongopitirira pang'ono tani imodzi. Mvula yoyamba ikanyowetsa fumbi ndi oyilo pa tala, mukaponda mafuta mwamphamvu pokhota kumbuyo kumatsetsereka. Matayala akumbuyo akhale atsopano, musagule ogwiritsidwa kale ntchito ngakhale mtengo utakoma bwanji. Petulo imamwa kuposa Fit ya mnzanga, koma osati mochititsa mantha.

Za mapepala n'zachidule. Boma linaika malire pa kulowetsa galimoto zopitirira zaka 10, ndiye yotere muigula kwa munthu wa konkuno. Musapereke ndalama zonse apolisi ofufuza za galimoto zobedwa (Vehicle Theft Squad) ku Southerton asanaione, kenako mupite ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndi ku CVR, ofesi yolembetsa galimoto, kuti buku la galimotoyo lilowe m'dzina lanu. Pa laisensi ya ZINARA, bungwe loona za misewu, ndi inshuwalansi, kuyambira 2025 onjezerani laisensi ya ZBC, wailesi ya boma.

Kukoma kwake sindingakubise. Madzulo dzuwa litapepa, denga ndimalitsegula ndi dzanja limodzi ndili chikhalire, n'kulowera msewu wa ku Mazowe. Giya wake ndi wamfupi, amalowa ndi kadzanja chabe, chiwongolero chimakuuza chilichonse chimene tayala laponda. Ndaphunzira kuyendetsa bwino chifukwa cha galimotoyi, pakuti ukalakwitsa imakudziwitsa pomwepo. Masana a Okutobala denga limakhala lotseka, dzuwa lake silopirira.

Koma chimene chimandilemera mumtima ndi mipando iwiri ija. Tsiku limene ndinapita nayo kwa amayi, anaizungulira, anaisisita, kenako anandifunsa modekha kuti, "Mwanawe, yakongola ndithu. Nanga ine ndi azakhali ako tikamapita ku maliro tizikhala pati?" Funso limeneli ndilibe nalo yankho mpaka lero. Kwa ife galimoto yoyamba m'banja imakhala ya onse: ndi imene imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku, kunyamula azimayi a mvano, kutenga alendo otsika basi ku Mbare. M'buti mwa Roadster mumalowa thumba la ufa ndi tizikwama tochepa, basi. Ulendo wa kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndi katundu amene timanyamulira abale, sungatheke. Ndimakwerabe basi.

Ndiye anyamata, ngati kwanu kuli kale galimoto ina ya mipando isanu, muli ndi poimika pamthunzi potsekedwa, ndipo mukalipira mutsala ndi ndalama za lamba, rediyeta ndi matayala, igulani, makilomita asakuopseni. Ngati ikhala yokhayo pakhomo, yambani ndi Fit kapena Corolla. Amene akufuna kuona timabowo tija ndi maso ake andipeze Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, abwere ndi waya wake, ndimuonetsa mvula isanayambe.