Mpopi wa sensa kukhitchini: mabatire, adaputala kapena kukoka waya watsopano?

Anzanga amene muli ku America kuno, mipopi ija yomwe umangodutsitsa dzanja madzi n'kuyamba kutuluka yadzaza m'mashopu, koma ambiri amagula asanasuzumire pansi pa sinki kuti moto wake uchokera kuti. Mkati mwa mpopiwo muli sensa ndi kavalavu ka magetsi kotchedwa solenoid, ndiko kamatsegula ndi kutseka madzi, ndiye popanda moto sensayo sigwira ntchito. Moto wake ndi wochepa zedi, ungofanana ndi wa tchaja ya foni. Nkhani imakula chifukwa cha pamene mukufuna kuutenga, pafupi ndi madzi, pomwe malamulo a zamagetsi a kuno, National Electrical Code (NEC), amakhwimitsa zinthu.

Mabatire kaye. Moen MotionSense ndi Delta Touch2O zimabwera ndi kabokosi kolowa mabatire 6 a AA, mumakapachika m'kabati basi mwamaliza. Palibe pamiti, palibe inspekita, landilodi alibe chonena chifukwa simunakhudze waya wa nyumba yake. Kwa amene ali pa lendi ine sindiona chifukwa chopitira patali. Magetsi akazima madzi amatulukabe. Kuipa kwake n'koti mabatire amatha, ndipo amasankha tsiku loipa, manja ali mbee ndi ufa, alendo ali pabalaza, iwe uli chogwada mutu uli m'kabati kusuntha mabotolo a sopo kuti upeze kabokosiko. Delta imakuchenjezani ndi kanyale kofiira patsinde pa mpopi, koma ndani amayang'ana. Kabokosiko kapachikeni m'mwamba pakhoma la kabati, osakasiya pansi pomwe paipi ikadontha madzi amadikha.

Adaputala ndi imene ambiri amafuna, ndipo mipopi ina monga Kohler Sensate imabwera nayo kale, ndi yopulaga basi. Apa ndi pomwe pali msampha. Mukatsegula kabati mupeza soketi ndithu, mumtima n'kuti zatheka, koma nthawi zambiri soketi imeneyo ndi ya garbage disposal, chigayo chija chophwanya zotsala mu sinki, ndipo imayendera swichi ya pakhoma. Swichi ikakhala yozima soketi ilibe moto, ndiye mpopi uzigwira pokhapokha disposal ikulira, swichi ikazima madzi ziii. Musanagule chilichonse pulagani nyale kapena tchaja pa mabowo onse awiri, apamwamba ndi apansi, swichi ili yozima, chifukwa nyumba zina soketi yake inagawidwa kale, theka limayendera swichi theka lili ndi moto nthawi zonse. Ngati zili choncho muli ndi mwayi.

Ngati sinagawidwe pali njira ziwiri ndipo sizofanana mtengo. Yoyamba ndi kuigawa, wamagetsi amathyola kachitsulo kakang'ono kolumikiza masikuluwu awiri a mbali ya moto, kenako theka lina n'kulipatsa waya wosadutsa pa swichi. Zimaphweka ngati moto umayamba wafika pa soketi usanapite ku swichi, koma ngati umachokera ku swichi kutsika ndi kebulo ya mawaya awiri okha ndiye pafunika kukoka ina ya atatu kudutsa m'khoma, ndalama zayamba kukwera. Komanso soketi ya GFCI, ija ya mabatani a test ndi reset yoteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, siigawika chonchi, ilibe kachitsulo kothyola. Chitetezo chiyenera kuchokera kumtunda, nthawi zambiri pa breaker ya GFCI, swichi yodzizimitsa yokha ya ku bokosi lalikulu la magetsi a nyumba.

Yachiwiri ndi air switch, ndipo ine ndimaikonda kwambiri. Soketi imasinthidwa kuti izikhala ndi moto nthawi zonse, disposal imapulagidwa pa kabokosi kake, ndipo pa sinki pamaikidwa batani lomwe mukadina limangokankha mpweya m'kapaipi kakang'ono, palibe magetsi pamwamba pomwe mukugwira ndi manja onyowa. Bowo lachiwiri la soketi latsala la mpopi. Koma samalani ndi ma air switch okhala ndi masoketi awiri pa kabokosiko, ena anapangidwa kuti azisinthanitsa moto, disposal ikayaka soketi inayo imazima. Anawapangira kathanki ka madzi otentha kuti ziwirizo zisakoke moto limodzi. Mukapulaga mpopi pamenepo ndiye kuti madzi azisiya nthawi yomweyo imene disposal ikufuna madzi. Adaputala ipite pa soketi ya pakhoma, osati pa kabokosiko.

Za GFCI zokha musazengereze. Gawo 210.8 la NEC limati soketi iliyonse yomwe ili mkati mwa mafiti 6, pafupifupi mamita 1.8, kuchokera m'mphepete mwa sinki itetezedwe, ndipo NEC ya 2023 inangoti masoketi onse a m'khitchini ya nyumba yokhalamo anthu. GFCI imadula moto ikaona kuti mamiliampu 4 mpaka 6 akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu. Iyeneranso kukhala pofikirika mosavuta, ndiye mainspekita ena amakana ikabisika kuseri kwa mapaipi ndi ndowa ya zinyalala, chifukwa chinanso chomwe breaker imapambanira. Kuyambira mu 2014 khitchini imafunanso AFCI, yoteteza nyumba kupsa chifukwa cha mawaya othetheka, n'chifukwa chake amagetsi ambiri amangoika breaker imodzi yochita ziwiri zonse. NEC imasinthidwa pa zaka zitatu zilizonse ndipo state iliyonse, nthawi zina mzinda, imasankha yokha yomwe ikutsata, ena akadali pa ya 2017 kapena 2020, ndiye funsani ku ofesi ya mapamiti kwanuko.

Pali maganizo awiri omwe amabwera msanga koma onse ndi olakwika. Ena amati tingoba moto pa soketi ya pamwamba pa kauntala, ili pafupi apa. Ayi, masoketi amenewo ali pa masekiti, mizere ya mawaya yochokera ku bokosi lalikulu, a maampu 20 omwe gawo 210.52 linasungira ketulo, tosita ndi zinzake, ndipo saloledwa kudyetsa soketi ya m'kabati pansi pa sinki. Ena amabowola kabati n'kudutsitsa ekisitenshoni kuchokera kuseri kwa firiji, zija timachita kumudzi pa ukwati kukoka moto kwa aneba. Gawo 400.12 limakana kugwiritsa ntchito chingwe ngati waya wokhazikika wa nyumba, ndipo tsiku logulitsa nyumba woyendera adzachilemba mu lipoti.

Seketi yatsopano kuchokera ku bokosi lalikulu ndiyo yaukhondo kuposa zonse, koma kulipira wamagetsi ndi pamiti chifukwa cha kanthu kodya moto wochepa chonchi ndi kuwononga ndalama, pokhapokha ngati mukuphwasula khitchini yonse kale makoma ali otsegula, pamenepo ikani soketi imeneyi osaganiza kawiri.

Kwa amene mukuganiza zogula kuno n'kutumiza ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, kuno ndi mavoti 120, kumeneko ndi 230, werengani pa adaputala ngati palembedwa 100-240V musanaiike m'chikwama, pulagi yakenso ndi yosiyana. Ndipo ndi mmene magetsi amazimirazimira kwathu tengani ya mabatire, kapena funsani kaye ngati chogwirira chake chimatsegula madzi popanda moto, chifukwa mitundu ina madzi onse amadutsa pa solenoid ndipo muyenera kukwawira pansi pa sinki kukapotokola kamfundo kake ndi dzanja kuti madzi atuluke.